Mutu 9: "Mwamva, Ana Inu?" Saikoloje ya Maphunziro ndi Mphunzitsi Watsopano

Pasukulu ina ya pulayimale m'dera la Mvera, mtsikana amene watumizidwa ndi koleji kudzayeserera uphunzitsi waima kutsogolo kwa ana a Sitandade 2. Anawo akhala pansi mothithikana, ena atsamira khoma, ena ali pakhomo penipeni chifukwa m'katimo mulibe popondapo. Iye wafotokoza masamu ochotsera, walemba zitsanzo zitatu pabolodi, ndipo akukuntha fumbi la choko m'manja.

"Mwamva, ana inu?"

"Eee, madamu!"

Yankholo lamveka mpaka kumsewu, ndipo mtima wa mphunzitsi wakhala pansi. Koma madzulo, pochonga makope, apeza kuti ambiri angokopera zitsanzo zija, ena aphatikiza m'malo mochotsera, ena asiya tsamba lili mbee. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Anawo sananame. Mneni woti "kumva" amasenza katundu wambiri m'Chichewa. Timamva ndi makutu, timamva njala, timamva fungo la ndiwo zikupserera. Timati munthu wamva pamene nkhani yamulowa m'mutu, komanso timati mwana ndi wakumva ngati amachita zimene akulu anena. Patsinde lomwelo pamamera kumvetsera, kumvetsa ndi kumvera. Mphunzitsi uja ankafunsa ngati ana amvetsa, koma ana anayankha kuti akumvera. Saikoloje ya maphunziro, imene ndi sayansi yofufuza mmene munthu amaphunzirira, mmene amakumbukirira ndi mmene nzeru zake zimakulira, ilipo kuti mphunzitsi azitha kusiyanitsa ziwirizi.

Kumene aphunzitsi anayambira kusulidwa

N'koyenera kuti nkhaniyi iyambire ku Mvera. Pa 28 Novembala 1889, abusa awiri a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok, anamanga msasa m'dziko la mfumu Chiwere ya Angoni, m'mapiri a Dowa oyang'ana kunyanja. Pamenepo ndi pamene panabadwira ntchito imene lero ndi Sinodi ya Nkhoma. Mu 1894 Robert Blake anatsegula mishoni ina ku Kongwe, chakufupi ndi mapiri a Ntchisi, ndipo mu 1896 inatsegulidwa ya Nkhoma. Amishoniwa anadziwika kwambiri ndi sukulu za m'midzi, zimene zinkafunika aphunzitsi ambiri akuda. N'chifukwa chake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ku Mvera kunayamba sukulu yophunzitsa aphunzitsi, imene pambuyo pake inasamukira ku Nkhoma n'kudziwika ndi dzina la William Murray.

Mphunzitsi wa m'mudzi wa nthawi imeneyo ankagwira ntchito ndi zida zochepa: tchati cha malembo, sileti, nyimbo ndi katekisimu. Njira yake yaikulu inali yoti iye anene, ana abwereze pamodzi mpaka aloweze. Njirayi inathandiza anthu ochuluka kudziwa kuwerenga, ndipo sitiyenera kuinyoza. Koma inasiyanso chizolowezi chimene chakhala m'makalasi athu mpaka lero, choti kalasi yabwino ndi ija yoyankha mokweza ndiponso nthawi imodzi.

M'zaka zomwezo, kutsidya kwa nyanja zamchere, Edward Thorndike wa ku America anasindikiza buku lotchedwa Educational Psychology mu 1903. Iye ndi anzake ankafuna kuti uphunzitsi usamangodalira mwambo ndi mphatso yobadwa nayo, koma uzitsamira pa zimene zayesedwa n'kuoneka. Maganizo amenewo anafika kuno pang'onopang'ono, kudzera m'masukulu a aphunzitsi a mishoni ndi a boma, monga Jeanes Training Centre imene inatsegulidwa ku Domasi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920.

Kufunika kwake kunaonekera poyera mu 1994, pamene boma linachotsa fizi ku pulayimale. Chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, ndipo boma linalemba ntchito achinyamata zikwizikwi amene anali asanapondeko ku koleji ya uphunzitsi. Ambiri a iwo ankadziwa masamu ndi Chingerezi, koma anali asanauzidwepo mmene mwana wa zaka 6 amaganizira. Anachita chimene munthu aliyense angachite: anaphunzitsa monga momwe iwo anaphunzitsidwira. Pulogalamu ya MIITEP, imene inayamba mu 1997, inabwera kudzatseka mpata umenewu, ndipo mu 2005 inalowedwa m'malo ndi IPTE, imene imagawa nthawi ya wophunzira pakati pa koleji ndi sukulu yoyesererako ntchito. Lero mnyamata kapena mtsikana wa ku Mvera amene wasankhidwa kupita ku Lilongwe TTC, Kasungu TTC, St Joseph's ku Bembeke kapena koleji ya DAPP ku Dowa konko, amakumana ndi saikoloje m'maphunziro a maziko a uphunzitsi. Funso ndi lakuti, zimene amaloweza pokonzekera mayeso a MANEB zimasintha chiyani akagwira choko?

Mwana si munthu wamkulu wofupika

Dzina loyamba limene wophunzira uphunzitsi amakumana nalo ndi la Jean Piaget wa ku Switzerland, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1896 mpaka 1980. Piaget anaona kuti zolakwa za ana zili ndi dongosolo lake. Kuyesa kwake kumodzi mungathe kukuchita pakhonde panu. Yalani mizere iwiri ya njere za chimanga, uliwonse njere zisanu ndi imodzi, moyang'anizana. Mwana wa zaka 5 avomera kuti n'zofanana. Tsopano tambasulani mzere umodzi kuti utalike, iye akuona. Kawirikawiri adzati mzere wautaliwo uli ndi njere zambiri. Si kuti ndi wopusa. Maso ake akadali ndi mphamvu kuposa lingaliro loti nambala sisintha ngati sunawonjezepo kapena kuchotsapo kanthu.

Piaget ananena kuti kuyambira zaka pafupifupi 7 mpaka 11 mwana amaganiza bwino ngati ali ndi chinthu chogwirika, ndipo kuganiza za zinthu zosaoneka kumabwera pambuyo pake. Ofufuza ena anadzapeza kuti zaka zimenezi si malire okhazikika, zimasinthasintha malinga ndi zimene mwana wazolowera. Koma mfundo yaikulu inatsala: dzanja limatsogola, chizindikiro cha pabolodi chimabwera pambuyo.

Apa ndi pamene mphunzitsi wathu anaphonya. Analemba 9 - 4 = 5 kwa ana amene kwa ambiri a iwo 9 ndi chithunzi chabe. Akanawauza kuti aliyense abwere ndi timiyala, zitsekerero za mabotolo kapena timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi, kuchotsera kukanakhala chinthu chochitika m'manja mwawo. Aphunzitsi a m'Malawi ali nalo dzina la njira imeneyi, TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalopo. Ena amaiona ngati njira ya amphawi osowa zipangizo. Amene wamvetsa Piaget amadziwa kuti ngakhale sukulu itakhala ndi ndalama, mwana wa Sitandade 2 afunikabe njere zake.

Galimoto ya mawaya ndi tanthauzo la nzeru

Pali ngozi ina powerenga mabuku olembedwa ku Geneva kapena New York: kuyesa mwana wa ku Dowa ndi muyeso wa eni ake. Pa nkhaniyi tili ndi mwayi, chifukwa kafukufuku wina wodziwika padziko lonse anachitika ku Zambia, mbali ina pakati pa Achewa. Robert Serpell, katswiri wa saikoloje wa pa yunivesite ya Zambia, anayerekeza ana a ku Lusaka ndi ana a ku Manchester ku England pa ntchito yotsanzira maonekedwe a zinthu. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 1979, zinali zoti pogwiritsa ntchito pensulo ndi pepala ana a ku England ankapambana, pogwiritsa ntchito waya ana a ku Zambia ankapambana, ndipo poumba ndi dongo ankafanana. Luso linali limodzi, chimene chinasiyana ndi chida chimene mwana anakulira nacho.

Mphunzitsi amene akudziwa zimenezi samathamangira kunena kuti mnyamata wolephera kujambula bwino chilembo ndi mbuli, pamene mnyamata yemweyo wapanga galimoto ya mawaya yokhala ndi chiwongolero chokhota mawilo. Amafunsa kuti, kodi luso limeneli ndingalikokere bwanji kupepala? Mwina ayambe ndi kupinda malembo ndi waya, kuwaumba ndi dongo, kuwalemba pamchenga.

Serpell anachitanso kafukufuku wa zaka zambiri m'midzi ya Achewa ku Katete, kuyambira m'ma 1970, ndipo analemba za kafukufukuyo m'buku la 1993 lotchedwa The Significance of Schooling. Ankafunsa akuluakulu a m'mudzi kuti, pa ntchito yakutiyakuti, mwa ana awa mungatume uti, ndipo chifukwa chiyani? M'mayankho awo anapeza kuti kwa Achewa nzeru zili ndi mbali ziwiri. Ina ndi kuchenjera, kufulumira kwa mutu. Ina ndi kutumikira, kumene mkati mwake muli kumvera ndi kukhulupirika. Wochenjera wosatumika satchedwa wanzeru, amatchedwa wochenjera basi, ndipo tonse tikudziwa kuti liwu limeneli silikhala loyamikira nthawi zonse. Kalulu wa m'nthano ndi wochenjera, koma palibe kholo limene lingamutume kuchigayo.

Izi zikutiuza chifukwa chake ana aja anayankha kuti "Eee". Kwawo anaphunzitsidwa kuti mwana wabwino satsutsa wamkulu, sayang'ana mkulu m'maso, ndipo sanena kuti "sindinamve" ngati kuti wamkuluyo walephera kufotokoza. Yankho la pamodzi lija lilinso ndi mbale wake m'nthano za madzulo, pamene wokamba amati "Padangotero" omvera n'kumati "Tili tonse". Mawu amenewo ndi otsimikiza kuti sitinagone, tikutsatira. Ntchito yake ndi yabwino, ndipo m'kalasi ya ana 100 mphunzitsi amafunika njira yotere yosonkhanitsira maganizo a ana. Kulakwa n'kutenga "Tili tonse" ngati umboni woti aliyense angathe kuibwereza nthanoyo yekha.

Kugwirira keriyala

Lev Vygotsky wa ku Russia anabadwa chaka chimodzi ndi Piaget koma anamwalira akadali wamng'ono mu 1934. Iye anati pali zinthu zimene mwana angathe yekha, pali zimene sangathe ngakhale mutamuthandiza, ndipo pakati pake pali zimene angathe ngati wina wodziwa amugwira dzanja. Kuphunzira kumachitikira pakatipo. Aliyense amene anaphunzira kupalasa njinga akudziwa: mkulu wako amagwira keriyala n'kumathamanga pambuyo, kenaka amagwira ndi zala ziwiri, kenaka amasiya iwe osadziwa. Akagwiritsitsa mpaka kalekale suphunzira, akasiya msanga ugwera m'chitsamba.

M'kalasi, zimenezi zimaoneka m'kayalidwe ka phunziro kamene aphunzitsi ambiri a makalasi aang'ono akudziwa kuchokera mu pulogalamu ya boma yolimbikitsa kuwerenga, imene inayamba mu 2016: poyamba mphunzitsi achita yekha ana akuona, kenaka achitira limodzi, pomaliza ana achita okha. Gawo lachitatuli ndi limene limadumphidwa nthawi ikatha, koma ndi lokhalo limene limaonetsa amene wamvetsa.

Vygotsky amathandizanso pa vuto la kuchuluka kwa ana. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma m'makalasi oyambirira si zachilendo kupeza oposa 100, ena a zaka 6, ena a zaka 10 amene anayamba mochedwa kapena akubwereza. Mphunzitsi mmodzi sangagwire makeriyala onsewo. Koma wogwira keriyala sachita kukhala mphunzitsi yekha. Kumudzi mwana amaphunzira phada, bawo, kusenza ndowa ndi kubereka khanda kwa mnzake womuposa pang'ono. Mphunzitsi wochenjera amakhazika ana awiriawiri kapena m'timagulu, wodziwa pafupi ndi wovutika, n'kuwapatsa ntchito yomveka bwino. Mutu umodzi susenza denga. Chofunika kusamala n'chakuti gulu lisasanduke malo amene mmodzi amalemba ena asanu akuonerera.

Chilankhulo nacho ndi keriyala. Lamulo la zamaphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira, koma mwana wa ku Mvera amafika pasukulu akuganiza m'Chichewa. Mfundo yatsopano imakhazikika ikamangidwa pa zimene mwana akudziwa kale, ndipo Chichewa chili ndi mwayi woti chimalembedwa monga momwe chimamvekera, kotero mwana akagwira maphatikizo monga ba, be, bi, bo, bu, amatha kuwerenga mawu amene sanawaonepo. Luso lolumikiza chilembo ndi liwu limenelo amapita nalo ku Chingerezi.

Kuiwala, ndi masekondi atatu

Mu 1885 Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anasindikiza zotsatira za kuyesa kumene anadzichita yekha. Ankaloweza timawu topanda tanthauzo n'kumayesa kuti watsala ndi tingati pakapita nthawi. Anapeza kuti munthu amaiwala mofulumira kwambiri m'maola oyambirira, ndipo kubwereza kotalikirana masiku kumasunga zambiri kuposa kubwereza kambirimbiri tsiku limodzi. Kwa mphunzitsi, izi zikutanthauza kuti mphindi zisanu zoyamba za Lachiwiri zikhale zokumbutsa za Lolemba, ndipo za sabata yatha zibwerenso sabata ino. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. M'madera a fodya ngati Dowa ndi Ntchisi, kumene ana ena amajomba nthawi yothyola ndi kusoka fodya kapena tsiku la msika, kubwereza kotere kumapatsa wojomba khomo lolowera.

Chinthu china chaching'ono koma champhamvu anachipeza Mary Budd Rowe wa ku America m'zaka za m'ma 1970. Atajambula mawu m'makalasi ambiri, anaona kuti mphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha asanaloze wina kapena kudziyankha yekha. Aphunzitsi atazolowera kudikira masekondi atatu kapena kuposa, mayankho anatalika ndipo ana ambiri amene ankangokhala chete anayamba kukweza manja. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Njira imeneyi sifuna buku, desiki kapena ndalama.

Chikwapu, njala ndi mwana "wosamva"

Thorndike, ndipo pambuyo pake B.F. Skinner, anaonetsa kuti khalidwe limene latsatiridwa ndi chinthu chokoma limabwerezedwa. N'chifukwa chake kuwombera m'manja mwana amene wayesetsa kuli ndi ntchito, makamaka mphunzitsi akatchula chimene wachita bwino m'malo mongoti "wakhoza". Chilango chimaletsa khalidwe pamene wolangayo ali pafupi, koma sichiphunzitsa choyenera kuchita. Mwana wokwapulidwa chifukwa cholakwa samu amaphunzira chinthu chimodzi, kubisa kusadziwa kwake, ndipo mawa "Eee" wake adzakhala wokweza kuposa wa onse. Albert Bandura anaonetsanso mu 1961 kuti ana amene aona wamkulu akumenya chidole nawonso amachimenya. Unduna wa Zamaphunziro unaletsa kukwapula ana, koma lamulo lokha silichotsa chikwapu m'dzanja la munthu amene sakudziwa china chochita. Saikoloje ndi imene imamupatsa chinacho: malamulo ochepa ogwirizana ndi ana omwe, ntchito yokwanira kuti asasowe chochita, ndi kuyendayenda m'kalasi m'malo momata pabolodi.

Maina amene timapatsa ana nawonso amalemera. Mu 1968 Robert Rosenthal ndi Lenore Jacobson anafalitsa kafukufuku wawo, m'mene anauza aphunzitsi kuti ana ena, osankhidwa mwachisawawa, atsala pang'ono kutsegukira nzeru. Ena mwa anawo, makamaka a makalasi aang'ono, anapitadi patsogolo kuposa anzawo. Ofufuza apambuyo anapeza kuti mphamvu ya chiyembekezo cha mphunzitsi si yaikulu monga ankaganizira poyamba, komabe ilipo. Mwana amene watchedwa mbuli safunsidwanso funso, ndipo wosafunsidwa satsala ndi chifukwa chomvetsera.

Tsono taganizirani za mwana amene aphunzitsi onse akuti ndi wosamva. Mphunzitsi wosulidwa bwino amayamba wafunsa kuti, wosamva m'njira iti? Mwina makutu ake ali ndi vuto kuchokera pa matenda a ali wakhanda, ndipo wakhala kumbuyo kwenikweni kwa kalasi. Mwina saona bwino pabolodi. Ana otere amafunika kuwasunthira kutsogolo ndi kuwatumiza kwa aphunzitsi a maphunziro apadera, onga amene amasulidwa ku Montfort, ku Nguludi. Mwina ndi njala: mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka, ndipo mwana amene watsika phiri m'mimba muli pululu sangagwire maphatikizo. Abraham Maslow analemba mu 1943 kuti zofuna za thupi zimatsogola, ndipo n'zimene mabungwe opereka phala m'sukulu, monga Mary's Meals imene inayambira m'Malawi muno mu 2002, amatsamirapo. Mwinanso ndi mantha a zimene zikuchitika kunyumba. Pa zonsezi, ndi kamodzikamodzi pamene yankho limakhala mwano.

Pakati pa koleji ndi kalasi

Tisanamizane kuti zonsezi n'zapafupi. Wophunzira uphunzitsi akafika pasukulu yoyesererako ntchito ali ndi mapulani ake a phunziro olembedwa mwaukhondo, nthawi zina amakumana ndi mphunzitsi wakale amene amamuuza mwachifundo kuti, "Zimenezo n'za ku koleji, achemwali. Kuno muona nokha." Mkuluyo ali ndi mfundo. Piaget ankacheza ndi mwana mmodzimmodzi, sanaimepo pansi pa mtengo ndi ana 120 mvula ikubwera. Silabasi ili ndi liwiro lake, ndipo mlangizi wa zamaphunziro akabwera adzafuna kuona pamene mwafika. Palinso nthabwala yowawa yoti m'makoleji momwemo mfundo zoti ana asamangoloweza zimaphunzitsidwa mwa kuloweza.

Komabe mphunzitsi wakale wabwino, ukamuyang'anitsitsa, upeza kuti akuchita zambiri mwa zimene zili m'mabukumo ngakhale sakutchula maina a azungu. Amadziwa mwana amene sanadye, amayambitsa nyimbo ana akatopa, amatuma wamkulu kukhala pafupi ndi wamng'ono. Iye zinamutengera zaka khumi ndi ana ambiri otayika panjira kuti azidziwe. Phindu la saikoloje ndi kufupikitsa ulendo umenewo, ndi kumupatsa watsopanoyo chifukwa cha chinthu chilichonse, kuti njira ina ikakanika adziwe poyambira kufunafuna ina.

Sabata yotsatira, mtsikana uja walowanso mu Sitandade 2. Ana abwera ndi timiyala m'matumba a shuga. Wafotokoza, achitira limodzi, ndipo pafika pamene pakamwa pake pazolowera kufunsa funso lija. Walimeza. M'malo mwake akuti, "Aliyense aike timiyala tisanu ndi tiwiri patsogolo pake. Chotsanipo titatu. Musanene yankho, mundionetse ndi zala." Akuwerenga chamumtima mpaka katatu, kenaka akuyang'ana. Zala zinayi, zinayi, zinayi, uko zitatu, pakona apo khumi zonse. Kalasi ili zii, ndipo kwa nthawi yoyamba akuona ndi maso ake amene watsala. Akudutsa pakati pa timiyendo mpaka pakona paja, n'kugwada.

"Tandiuza, mwanawe, unawerenga bwanji?"

Kwa zaka zoposa 130, dzina la malo ano lakhala likumveka ngati lamulo lopita kwa mwana: mvera. Pakona paja, wagwada pansi n'kutchera khutu ndi mphunzitsi.